Kukacheza kumidzi ya m'mapiri ndi ku sukulu ya kumudzi kumpoto kwa Thailand: mafunso amene mumandifunsa kawirikawiri

Chibwerereni ku Thailand foni yanga sikupuma, wina pa WhatsApp, wina potuluka m'tchalitchi, wina mpaka pamaliro, mafunso ake omwewomwewo. Nde ndangoti ndiwaike pamodzi basi. Ndinayenda m'zigawo za Chiang Mai, Chiang Rai ndi Mae Hong Son, ndinagona m'midzi ya a Karen ndi a Akha, komanso ndinakhalako m'mawa umodzi pa sukulu ina ya pulayimale ya kuphiri. Zonse ndikuyankha apazi ndi za kumeneko.

Kodi anthu a m'mapiriwa ndi ndani? Si a Thai omwewo?

Ayi, ndi mitundu ina, ziyankhulo zawonso ndi zina. A Thai amawatchula kuti chao khao, kutanthauza anthu a m'mapiri. Mitundu imene imatchulidwa kwambiri ilipo isanu ndi umodzi: Karen, Hmong, Akha, Lahu, Lisu ndi Mien. Ochuluka kuposa onse ndi a Karen, ndipo iwowa akhala m'malire a Thailand ndi Myanmar kwa zaka mazanamazana. Enawo makolo awo anatsika kuchokera kummwera kwa China kudzera ku Laos ndi Myanmar, ambiri m'zaka za m'ma 1800 ndi 1900.

Dzina loti chao khao eniake ena salikonda chifukwa m'Chithai mawu oti khao amamvekanso ngati akuti "iwo aja", anthu osakhala athu. Nde mukafika funsani kuti ndi a mtundu wanji, muziwatchula ndi dzina la mtundu wawo. Inu wina atangokutchulani kuti munthu wa kutchire pamene ndinu Mlomwe wa ku Phalombe mungamve bwanji?

Ndingawasiyanitse bwanji?

Tsiku wamba simungathe. Mnyamata wa chi Lahu mumupeza wavala jinzi ndi jezi ya Liverpool akuseweretsa TikTok ngati wa ku Ndirande. Zovala zamakolo zimatuluka pa zikondwerero, ku tchalitchi, kapena pamene pabwera alendo, kupatula agogo ena amene amavalabe tsiku ndi tsiku.

Zikatuluka nde simungasokoneze. Amayi a Akha amavala chisoti cholemera chodzaza ndi siliva, mikanda ndi makobidi akale. Kwa a Karen mtsikana wosakwatiwa amavala diresi lalitali loyera, wokwatiwa amavala bulauzi ya mitundu ndi nsalu yomanga m'chiuno yoluka okha. A Hmong ndi akatswiri pa zopeta ndi nsalu zonyika mu utoto wabuluu wakuda. Amayi a Mien amadziwika ndi kolala yofiira ya ubweya, ndipo pa miyambo yawo a Mien amagwiritsa ntchito zilembo za Chitchaina. A Lisu ndi amitundu yowala, yoti umaionera patali.

Kumafikako bwanji kuchokera kuno?

Ine ndinakwera ya Ethiopian kudzera ku Addis Ababa mpaka Bangkok. Ndi pasipoti ya Malawi pamafunika viza musananyamuke, masiku ano amafunsira pa intaneti, ndipo kuyambira pa 1 May 2025 aliyense wolowa m'dzikomo amadzaza kakhadi ka pa intaneti kotchedwa TDAC masiku ochepa asanafike. Kakhadi kachikasu ka katemera wa yellow fever katengeni, poti mwadutsa ku Ethiopia akhoza kukafunsa.

Bangkok kukafika Chiang Mai ndi pafupifupi makilomita 700. Ndege ndi ola limodzi ndi mphindi zingapo, sitima yausiku ndi maola 12 kapena kuposerapo koma mumagona pabedi bwinobwino. Kuchoka Chiang Mai kupita Chiang Rai ndi maola atatu ndi kanthu pa basi. Wa ku Pai ndi Mae Hong Son nde ndi msewu wokhotakhota zedi, kufika pa Pai pokha makona 762, amene mumadandaula ndi Golomoti ija mudzagule mankhwala a mseru. Amayendetsa kumanzere ngati kwathu, ndipo nthawi yawo ili patsogolo ndi maola asanu.

Nyengo yabwino yopita ndi iti?

November mpaka kumayambiriro kwa February. Mvula imakhala yatha, ndipo kumapiri usiku kumazizira zenizeni, musanamizidwe ndi kutentha kwa ku Bangkok, tengani juzi. Phiri lalitali kuposa onse, Doi Inthanon, ndi mamita 2,565, lotsikirapo kwa Sapitwa wathu, koma kuzizira kwa m'mawa kumeneko ndi kwa ku Dedza mu June.

Kumapeto kwa February mpaka April musapite. Ndi nthawi yotentha minda ndi tchire, utsi umadzaza zigwa moti Chiang Mai imatchulidwa pakati pa mizinda ya mpweya woipa kwambiri padziko lonse, mapiriwo simuwaona n'komwe, komanso kuyambira mu March ana amakhala pa holide. June mpaka October ndi dzinja lawo, minda ya mpunga ya m'masitepe ngati ya ku Pa Pong Piang imakongola mochititsa kaso, koma walira mvula walira matope, ndi misundu yomwe. Amene akufuna mwambo wa katungwe wa a Akha umachitika chakumapeto kwa August kapena kumayambiriro kwa September, pamene chaka chatsopano cha a Hmong chimagwa cha mu December kapena January.

Ndipite ndekha kapena ndipeze gayidi?

Midzi ya m'mbali mwa tara ngati Doi Pui, pamwamba pa Chiang Mai, kapena Mae Klang Luang pa Doi Inthanon, mukhoza kufika nokha pa tigalimoto tapikapu ta mabenchi kumbuyo timene amati songthaew. Koma Doi Pui kunena zoona ndi msika, mashopu a zovala ndi ziboliboli mbali zonse. Midzi ya mkati pamafunika munthu wokuperekezani, osati chifukwa cha njira yokha koma chiyankhulo, paja agogo ambiri ngakhale Chithai chenichenicho sachiyankhula bwino.

Ntchito ya ugayidi ku Thailand ndi ya nzika zokha ndipo amakhala ndi laisensi, ipempheni muione. Funso lachiwiri lofunika kuposa laisensiyo ndi loti iyeyo kwawo ndi kuti. Gayidi wobadwira m'mudzimo amakulowetsani ngati mlendo wa pakhomo, amayamba wakusonyezani kwa akuluakulu. Pamene ma tuwa aja a "midzi isanu tsiku limodzi" amakutsitsani mu minibasi mphindi makumi awiri, jambulani jambulani, kwerani. Ndinayesapo kamodzi tsiku loyamba ndisanadziwe, ndinabwerako ndi manyazi. Musanapite kulikonse dzerani ku Hilltribe Museum mu tawuni ya Chiang Rai, ya bungwe la PDA, ndi yaing'ono koma ola limodzi lokha mumatuluka mutadziwa zambiri.

Kugona kumudziko kumakhala bwanji, nanga chakudya? Nsima iliko?

Nsima kulibe, iwalani. Chimanga amalima koma chambiri ndi cha ziweto. Chakudya ndi mpunga m'mawa, masana ndi madzulo, ndiwo zake masamba, maungu, mphukira za nsungwi, nkhuku kapena nkhumba pakakhala mlendo, ndi tsabola wosinja amene amaika pambali, yemweyo ngakhale ozolowera kambuzi mulawe kaye pang'ono. Nthawi zina amaphikira mu nsungwi yaiwisi pamoto, zimanunkhira bwino kwambiri. Kulinso mphutsi za mu nsungwi zokazinga, azungu amene ndinali nawo anachita kukuwa, ine wodya ngumbi ndi mphalabungu ndinangopempha mbale yachiwiri.

Nyumba zambiri za a Karen ndi zam'mwamba pa mizati, pansi pake nkhuku, nkhuni ndi njinga yamoto. Mumagona pa kamatiresi pansi, m'neti, bafa ndi ndowa ndi kapu. Tambala amayamba isanakwane folo. Kwa ife okulira kumudzi palibe chachilendo, chimene chinandidabwitsa ine ndi choti midzi yambiri ili ndi magetsi kapena sola ndipo netiweki imagwira.

Madzulo akhoza kukupatsani kachasu wawo wa mpunga. Ngati simumwa landirani ndi manja awiri, thokozani, nenani kuti simumwa, samakakamiza.

Ndi ziti zimene sindiyenera kuchita ndikalowa m'mudzi?

Chachikulu ndi chipata cha a Akha. Polowera m'mudzi wotsatira chikhalidwe cha makolo pamakhala chipata cha mitengo, pambali pake ziboliboli za mwamuna ndi mkazi, ndipo amachimanganso chaka ndi chaka. Chipatacho chimalekanitsa dziko la anthu ndi la mizimu ya kutchire. Osachigwira, osatsamirapo. Ine nditatopa ndi chitunda ndinatsala pang'ono kuyedzamira pamenepo kuti ndimange chingwe cha nsapato, gayidi anachita kundikoka malaya, akuti ukachigwira pamafunika mwambo wokonza ndipo wolipira nkhuku kapena nkhumba yake ndiwe. Katungwe wamkulu wa m'mudzi nayenso si woseweretsa, ali ndi nyengo yake. Tingoti monga mmene mlendo sangangolowera ku dambwe chifukwa waona kanjira.

Mukaona kachizindikiro koluka ndi nsungwi kooneka ngati nyenyezi kapachikidwa pakhomo kapena panjira, ndiye kuti pali mwambo kapena matenda, musalowe. Kwa a Lisu kachisi wa mzimu woteteza mudzi amakhala chakumtunda ndipo akazi salowamo. M'nyumba ya chi Akha muli mbali ya amuna ndi mbali ya akazi, dikirani akuuzeni pokhala. Guwa la makolo la m'nyumba musaligwire kapena kuikapo chikwama.

Zina ndi za Thailand yense. Vulani nsapato polowa m'nyumba, musaponde pa chiundo cha chitseko, dumphani. Musaloze munthu ndi phazi kapena kutambasula miyendo kuloza guwa. Musagwire munthu kumutu, olo mwana, apa nde ife timalakwa kwambiri poti kwathu kusisita mwana kumutu ndi chikondi. Valani zofika m'mawondo, amayi chitenje chimakupulumutsani paliponse, posamba kumtsinje pomwe. Ndipo za mfumu ya dzikolo musachite nazo nthabwala ngakhale pa Facebook, lamulo lake chilango ndi zaka 3 mpaka 15 kundende.

Zithunzi ndingajambule?

Pemphani kaye, basi. Kukweza foni ndi kumwetulira ndi funso lomveka m'chiyankhulo chilichonse, akapukusa mutu tsitsani. Okalamba ena safuna konse, ndipo miyambo, maliro ndi maguwa musajambule pokhapokha eniake atakuuzani okha. M'midzi ya alendo ambiri mayi wovala zamakolo amayembekeza kuti mugula kanthu pa tebulo lake mukamujambula, ndi ntchito yake imeneyo, gulani.

Za ana onani funso la sukulu m'munsimu. Apa ndingoti ife Amalawi tikudziwa mmene zimawawira kuona chithunzi cha mwana wa m'bale wako wamamina, malaya ong'ambika, chili pa intaneti ndi mawu achisoni pansi pake, wojambulayo sanafunse aliyense. Nde tisakachite zomwezo kwa eni ake chifukwa choti ulendo uno kamera ili m'manja mwathu.

Nanga amayi a makosi ataliatali aja, ndi bwino kukawaona?

Funso ili palibe amene salifunsa. Amenewo ndi a Kayan, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Kayah State m'dziko la Myanmar. Anathawira ku Mae Hong Son kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chifukwa cha nkhondo. Chimene amavalacho si mphete zambirimbiri ayi, ndi waya umodzi wamkuwa wokulungiza, amayamba ali ndi zaka pafupifupi zisanu n'kumasintha ndi wautali akamakula. Khosinso silitalika, kulemera kwa mkuwawo kumakankhira pansi mafupa a m'mapewa ndi nthiti zam'mwamba nde khosi limaoneka lalitali. Atsikana ambiri masiku ano savala, ena anavula.

Vuto lili apa. Thailand sinasaine pangano la 1951 la othawa kwawo, ndipo ambiri mwa a Kayan kwa zaka zambiri analibe mapepala owalola kuyenda kapena kugwira ntchito momasuka, amene mukudziwa za ku Dzaleka mukumva zimene ndikunena. Anthu a bizinesi anaona mpata, anamanga timidzi tongoonetsa pafupi ndi Chiang Mai ndi Chiang Rai, pageti mumalipira ma baht (ndalama ya kumeneko) mazana angapo, mkatimo mzere wa mashedi, mayi aliyense ali pa shedi yake akuluka sikafu. Mu 2008 bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR linadandaula poyera kuti a Kayan ena amene mayiko ngati New Zealand ndi Finland anawavomera sankapatsidwa chilolezo chotuluka m'dzikomo.

Koma mbali inayo nayo ndi yoona, amayiwa ndalama yawo ndi yomweyo, alendo atasiya kubwera nthawi ya Covid anavutika kwambiri. Maganizo anga ndi oti ngati mukupita, pitani ku Mae Hong Son kumene amakhaladi, monga Huay Pu Keng, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Pai umene mumawolokera pa boti, kumene eniake amalandira okha alendo ndi kuphunzitsa kuluka. Gulani kwa mayiyo mwachindunji, khalani pansi mucheze. Za pageti pa msewu waukulu zija ine sindingabwererekonso.

Ndamva kuti ena alibe unzika, zoona?

Zoona. Thailand ili ndi anthu mazana a masauzande olembedwa kuti alibe dziko, ambiri ndi a m'mapiri ndi m'malire. Ena anabadwira momwemo, makolo awonso momwemo, kungoti kalembera atadutsa mudzi wawo unali kutali kapena kubadwa kwawo sikunalembetsedwe. Wopanda chiphaso amavutika kutuluka m'chigawo chake popanda chilolezo, sangagule malo, savota, ntchito zambiri sangalembedwe.

Mukukumbuka anyamata a mpira aja anatsekeredwa m'phanga la Tham Luang ku Mae Sai mu 2018? Atatu mwa iwo ndi kochi wawo analibe unzika, anawapatsa mu August chaka chomwecho dziko lonse litawaona pa TV. Kumapeto kwa 2024 nduna za boma zinavomereza njira yachidule yoti anthu oposa 480,000 apeze mapepala. Nkhani imeneyi musayambitse ndinu pocheza, ndi yowawa, akafuna aiyamba okha.

Si kumene kuli Golden Triangle ya mankhwala ozunguza bongo kumeneko? N'kotetezeka?

Ndi komweko, pamene Thailand, Laos ndi Myanmar akumana pa Sop Ruak, mtsinje wa Ruak ukuthira mu Mekong. Kale midzi yambiri ya pamwamba, makamaka ya a Hmong, Lisu ndi Mien, inkadalira opiyamu. Boma linaletsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 koma kuletsa kokha sikunathandize, munthu adya chiyani? Mu 1969 mfumu Bhumibol Adulyadej inayambitsa Royal Project itacheza ndi a Hmong a ku Doi Pui, cholinga chake kupatsa alimi mbewu zina zogulika pamodzi ndi msika wake, monga mapichesi, sitiroberi, maluwa, masamba ndi khofi. Mu 1988 mayi ake a mfumuyo anayambitsa ntchito ya Doi Tung ku Chiang Rai, kumene lero kuli khofi ndi makadamiya ngati wa ku Thyolo. Khofi wa ku Doi Chang, mudzi wa a Akha ndi a Lisu, wafika mpaka kunja.

Lero mlendo amayenda mwamtendere. Mapilisi ozunguza bongo amadutsabe m'malire kuchokera ku Myanmar nchifukwa chake marodibuloko ndi ambiri, yendani ndi pasipoti. Wina akakutsatsani kanthu koti musute kumudzi kanani, ndipo musanyamulire munthu aliyense katundu, milandu yake kumeneko imafika mpaka chilango cha imfa.

Ndikufuna kukaona sukulu ya kumudzi, ndingangofika?

Ayi chonde. Ganizani muli mu Sitandade 3 pakati pa masamu, kenako minibasi yaima, alendo khumi alowa ndi mafoni m'mwamba, aphunzitsi asiya choko akuti imirirani muimbire alendo nyimbo. Ambiri a ife zinatichitikirapo, tinaimba, anatijambula, anapita, masamu aja anathera pomwepo. Ndiye sukulu imene ili panjira ya ma tuwa zoterezi zimachitika kangapo pa sabata.

Njira yake ndi kupempha kwa ahedi pasadakhale kudzera kwa gayidi kapena mwini nyumba imene mukugona, iwo anene tsiku ndi nthawi. Ine anandiuza kuti ndifike isanakwane 8 koloko, ndinaima kumbuyo pa asembule, kenako ndinacheza ndi aphunzitsi mu ofesi, m'kalasi ndinalowa pa buleki basi mphunzitsi ali pomwepo. Ana anandifunsa kuti Malawi ili kuti, tinaifufuza pa mapu a pakhoma, kamtsikana kena kanati dziko lanu ndi lowonda ngati nyongolotsi, kalasi yonse kuseka, ine ndemwe.

Musakhale nokha ndi mwana, musatenge nambala kapena Facebook ya mwana, musajambule nkhope popanda chilolezo cha aphunzitsi, ndipo olo atalola musalembe dzina la mwana ndi la sukulu pa intaneti. Tuwa imene ikulonjeza kuti mukakumbatira ana amasiye ikaneni, ana ambiri a m'nyumba zoterezo makolo ali nawo, anangobwera kutsata sukulu.

Masukulu ake ndi otani poyerekeza ndi athu?

Pulayimale amati Prathom, zaka zisanu ndi chimodzi, sekondale ndi Mathayom, zisanu ndi chimodzinso, ndipo zaka 9 zoyamba ndi zokakamiza. Chaka chimayamba pakati pa May, amapuma mu October, temu yachiwiri November mpaka March. 8 koloko amakweza mbendera ndi kuimba nyimbo ya fuko. Boma limapereka nkhomaliro ndi mkaka ku pulayimale. Nsapato amavula, zimandandalikidwa panja pa kalasi. Tsiku lina pa sabata ambiri amavala yunifolomu ya sikauti, ndipo masukulu ambiri a kumapiri ali ndi tsiku loti ana avale zamtundu wawo.

Imene ndinapitako makalasi anali aang'ono moti mphunzitsi wa kwathu wa ana handiredi akhoza kulira ndi nsanje. Mavuto awo ndi ena. Midzi ndi yotalikirana, nde ana ena ang'onoang'ono amagonera pa sukulu pomwepo. Aphunzitsi ambiri ndi ochokera kuchigwa, sadziwa chiyankhulo cha anawo ndipo akapeza mpata amapempha transifa. Mwana amafika akudziwa chi Karen kapena chi Akha chokha n'kupeza zonse zili m'Chithai, chimodzimodzi mwana wa ku Chitipa amene kwawo amayankhula Chilambya. Kumalire kwenikweni kuli masukulu amene aphunzitsi ake ndi apolisi olondera malire, anayamba m'zaka za m'ma 1950. Kuyambira 2005 boma linalamula kuti mwana aliyense alandiridwe pa sukulu olo alibe mapepala a unzika aja ndafotokoza pamwambapa.

Ndiwatengere chiyani anawo?

Maswiti ayi, ndalama m'manja mwa mwana ayi. Tonse tikudziwa kumene "mzungu ndipatse ndalama" ya kunyanja ija inachokera, ana sanabadwe nayo, anawaphunzitsa ndi alendo. Funsani ahedi chimene chikusowa, mudzadabwa, ine ndimaganiza za makope ndi mabolopeni koma anati zimenezo ali nazo, chimene amafuna ndi mabulangete ndi masokosi a ana ogonera, ndi mipira. Gulani mu tawuni yapafupi, perekani mu ofesi, iwo agawe okha inu mutapita. Palibe chifukwa chowandandalika ana atanyamula katundu wanu kuti mujambule.

Chinthu chochokera kwathu chimasangalatsa kuposa zogula. Ndinasiya chitenje chimodzi ndi kambendera, ndipo ndinawaphunzitsa kasewero ka phada ndi timiyala, anali nako kale kofanana nako, anandigonjetsa.

Ndingaphunzitseko Chingerezi kwa masiku angapo?

Mwalamulo la Thailand ntchito yongodzipereka nayonso ndi ntchito, imafuna viza yoyenera ndi chilolezo chogwirira ntchito, ya alendo ija sikwanira. Kupatula lamulo, masiku atatu muphunzitsa chiyani? Anawo mitundu ya zinthu ndi manambala anaphunzitsidwa kale ndi alendo makumi angapo amene anabwera inu musanafike. Ngati ndinu mphunzitsi weniweni ndipo muli ndi temu yathunthu, lankhulani ndi sukulu kapena bungwe lolembetsedwa likukonzereni mapepala. Bungwe labwino lidzakufunsani kalata ya ku polisi, limene silikufunsa likayikireni.

Munthu wakuda amamulandira bwanji kumeneko?

Amakuyang'anani, osanama. M'midzi ina ndinali munthu wakuda woyamba kugonamo, ana ena anathawa, ena amafuna kugwira tsitsi, agogo ena anandipukuta pamkono kuti aone ngati zichoke. Sindinaone nkhanza, chinali chidwi basi, ndipo ndinajambulidwa kuposa mmene ndinajambulira ine. Zinandipatsa maganizo ndithu, kumva mmene zimakhalira foni ikakulozera osakufunsa.

Chimene chinaswa manyazi ndi ntchito. Nditatenga lichero n'kuyamba kupeta mpunga amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba, azungu sadziwa zimenezo, kuyambira pamenepo ndinali wa pakhomo. Phunziraninso timawu, sawasdee ndi moni, khop khun ndi zikomo, amuna mumathera ndi khrap akazi kha, ndipo kwa a Karen zikomo ndi ta blu.

Za matenda ndi ngozi ndikonzekere chiyani?

Udzudzu wa dengue umaluma masana, nde neti yokha sikwanira, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu makamaka nthawi ya mvula. Malungo aliko cha m'malire a Myanmar. Agalu ndi ambiri ndipo chiwewe chiliko, akakulumani kapena kukukandani tsukani ndi sopo nthawi yomweyo n'kuthamangira kuchipatala. Madzi imwani owiritsa kapena a m'botolo.

Chimene chimavulaza alendo ambiri ndi njinga zamoto zobwereka. Ngati simunayendetsepo musaphunzirire pa makona a ku Pai, ndipo popanda laisensi yovomerezeka ya njinga inshuwalansi zambiri sizilipira. Ambulansi ndi 1669, apolisi othandiza alendo 1155.

Ndalama ndinyamule zotani, ndipo potsatsa ndinenerere?

Kwacha sasintha kumeneko, nyamulani madola mukasinthe mu tawuni. Ma ATM amadula ma baht oposa 200 nthawi iliyonse mukatapa ndi khadi lakunja, nde tapani kamodzi zokwanira. Kumudzi tengani ma 20, 50 ndi 100, ya 1,000 palibe amene angakupatseni chenji.

Kunenerera kulipo koma osati ngati pa kaunjika. Nsalu ya chi Karen yoluka pamanja, mayi atakhala pansi lamba wa choluka ali m'chiuno, imatenga masiku ambiri, ndipo mukaitembenuza mumaona kuti ulusi wake sunafanane ndendende. Za m'fakitale zimene zadzaza pa Night Bazaar ku Chiang Mai nenererani mmene mungathere, koma kwa amene mwamuona akuluka ndi maso anu perekani mtengo umene wanena.

Lamulungu ndingapeze kopemphera?

Mudzadabwa. Ngakhale Thailand ndi dziko la Chibuda, a Karen, a Lahu ndi a Akha ambiri ndi akhristu, a Baptist ndi a Katolika makamaka, ndipo kwa a Karen chikhristu chinayambira ku Burma m'zaka za m'ma 1820. Midzi ya a Akha imene inalowa chikhristu nthawi zambiri ilibenso chipata chija ndanena, m'malo mwake mupeza katchalitchi pamwamba pa chitunda. Ena amaphatikiza Chibuda ndi za makolo. Asilamu mizikiti ili mu tawuni, ku Chiang Mai kuli wa Ban Haw umene unamangidwa ndi amalonda ochokera ku Yunnan, koma kumidzi nkhumba ndi ndiwo yaikulu nde muuzeni gayidi musananyamuke.

Ine ndinapemphera ndi a Karen, tonse pansi pa mkeka, nsapato panja, amuna mbali iyi akazi mbali iyo. Ulaliki sindinamvepo kanthu, koma nyimbo yachiwiri chuni chake chinali chija timaimba m'buku la nyimbo kwathu, nde iwo amaimba m'chi Karen ine m'Chichewa. Potuluka abusa anandipempha kuti ndiwalembere mawu akewo pa pepala, ndipo mapemphero amayamba molawirira, funsani nthawi Loweruka madzulo.